Mlendo wa ku Zomba ndi Tambala wa Adada

Chaka chimene ndinali Fomu 3, sukulu yathu ya ku Mzuzu inapangana ndi sukulu ina ya ku Zomba kuti ana aziyenderana. Ife ndi amene tinayamba kupita, ndipo aliyense ankagona kunyumba kwa mnzake amene anamupatsa. Ine anandipatsa Khadijah, mtsikana wamfupi wa Chisilamu amene ankaseka ataphimba pakamwa. Kwawo anandisunga ngati dzira. Mayi ake ankandifunditsa mabulangete awiri, ngati kuti mwana wa ku Mzuzu angaope kuzizira kwa ku Zomba, ndipo tsiku lobwerera anandiperekeza banja lonse mpaka pa basi. Ndinabwerako ndi chinthu chimodzi mumtima: Khadijah akadzabwera kwathu, adzaone kuti nafenso ndife anthu.

Vuto linali Madamu Msiska, aphunzitsi amene ankayendetsa za ulendowu. Iwo ankafuna kuti alendo akagone m'nyumba za ku Kaning'ina ndi ku Nkhorongo, zokhala ndi madzi m'kati ndi geti panja. Kwathu ku Ching'ambo anangokwinya mphuno, akuti matope. Nditakanena kunyumba, adada anavala jekete n'kupita okha kusukulu. Sanakhale n'komwe pampando.

"Madam, mwana wanga anagona kwawo. Mwana wawo agona kwanga. Simple."

Madamu anavomera, koma anaikapo mawu. Akangomva kadandaulo kalikonse, mlendoyo adzamusamutsira kwa Mwawi, mnzathu wa m'kalasi amene bambo ake ankaphunzitsa ku yunivesite. Mawu amenewo ndinkagona nawo n'kudzuka nawo.

Adada dzina lawo ndi Overtoun Mhango. Anali kalaliki pa kampani ya matabwa komanso mkulu wa mpingo, ndipo akanena chinthu sankabweza, ngakhale chitakhala kuti chapita kutchire. Zinthu zimene ankazikonda kwambiri pakhomo, kupatula ife, zinali ziwiri. Choyamba chinali tambala wamkulu wofiira amene anamupatsa dzina loti Foromani. Wotchi yawo inafa kalekale ndipo sanaone chifukwa chogulira ina, poti Foromani ankawadzutsa m'mawa uliwonse osaphonya. Chachiwiri chinali mtengo wa mapeyala umene anaubzala chaka chimene ine ndinabadwa.

Mtengo umenewo ndi umene unatidanitsa ndi aneba athu, a Stambuli. Iwo anali Asilamu amene anabwera kuchokera ku Mangochi n'kutsegula kagolosale pafupi ndi ife, ndipo poyamba tinkakhala bwino. Kenaka yunivesite inatsegulidwa, tauni inayamba kufufuma, anthu ofuna nyumba za lendi n'kumagogoda khomo lililonse. Aliyense wokhala ndi kamalo kuseri anayamba kuumba njerwa. A Stambuli nawo anamanga zipinda m'malire, ndipo amisiri awo ataona kuti nthambi zikutchinga denga, anadula mbali yonse ya mtengo wa adada. Adada anali kuntchito. Pobwera anapeza mtengo uli ngati mutu wometa mbali imodzi. Sanakalipe, sanapite kwa aliyense kukadandaula. Anangosiya kuwapatsa moni a Stambuli, ndipo ife anatiletsa kugula pagolosale pawo. Mchere ukatha, ndinkadutsa pakhomo pa golosale yodzaza mchere n'kukaugula kutali, mvula ikundimenya. Zinakhala choncho zaka.

Kukonzekera Khadijah kunali ngati kukonzekera ukwati. Adada anapaka laimu nyumba yonse. Amama anagula poto watsopano ndi mbale zatsopano, ndipo nyama ya nkhumba inaletsedwa pakhomo mwezi wathunthu mlendo asanafike. Madzulo ena amama akusankha mpunga, anafunsa mosayang'ana munthu.

"Kodi si paja anzathuwa nyama amafuna azinge okha?"

"Zimenezo n'za mbuzi ndi ng'ombe, za pa ukwati," adada anayankha. "Nkhuku ndi mbalame chabe. Who calls a neighbour for a bird?"

Amama anapitiriza kusankha mpunga. Ine ndinakhulupirira adada, poti ku Zomba nkhuku ndinkangoiona ili kale m'mbale.

Basi ya alendo inafika kukuwaza kamvula kathu kaja kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Anzathu a ku Zomba anatsika akunjenjemera, ndipo ife tinawaseka mmene iwo anatisekera pa kalankhulidwe kathu. Tinakwera njinga zakabaza mpaka ku Ching'ambo, Khadijah atakumbatira chikwama chake. Pakhomo tinapeza adada ataima pakhonde, atagwira nkhuku yathadzi yonenepa. Kwathu nkhuku ya mlendo amayamba amuonetsa ili yamoyo, kuti adziwe kuti yafera iyeyo, si yotsala dzulo.

"Monire, mwana wane. Feel at home. Ndiwo zako ndi izi."

Khadijah anagwada n'kuthokoza. Adada anapita nayo kuseri, ndipo posakhalitsa tinamva mapiko akukupiza. Ndinaona nkhope ya Khadijah ikusintha pang'ono, koma ndinaganiza kuti ndi kuzizira.

Pa tebulo amama anamuikira mpunga wa ku Karonga n'kuuthira msuzi wa nkhuku mpaka kusambira. Adada anasankha nthutumba, imene kwathu ndi ya mlendo wolemekezeka, n'kuiika m'mbale mwake. Masamba panalibe. Adada anali atalamula kuti mlendo wochokera ku Zomba sangadye mpiru kapena nyemba m'nyumba mwawo ngati kuti kwagwa njala. Khadijah anatola timpunga ta m'mphepete timene msuzi sunafike, anamwa madzi, n'kunena kuti basi yamuzunguza mutu. Tinamumvetsa, msewu wa ku Chikangawa si wamasewera.

M'mawa anamwa tiyi ndi buledi, ndipo kusukulu zinthu zinayenda bwino. Alendo ankalowa nafe m'kalasi, anatigonjetsa pa mtsutso, ife tinawagonjetsa pa mpira wamanja. Anatitengera ku yunivesite kukaona laibulale, ndipo anyamata a ku Zomba anayesetsa kuonetsa kuti sakudabwa. Koma madzulo nkhuku yotsala ija itabweranso pa tebulo, Khadijah anati m'mimba simunakhazikike. Adada anagamula kuti thadzi lija linali lokalamba. Anagwira msoti, anamuonetsa, Khadijah anagwada n'kuthokoza, msoti unafa. Amama anauphika pamodzi ndi nthochi, chakudya chimene ngakhale wodwala amadzuka n'kukhala tsonga. Khadijah anachiyang'ana, maso ake ali ndi njala yooneka, n'kunena kuti wakhuta.

Ine mtima unayamba kundiwawa. Ndinkaganiza kuti mwina waona chimbudzi chathu chapanja, kapena mbale zathu sizikumukwanira. Usiku tinkagona pabedi limodzi, iye n'kumandifotokozera nkhani za kwawo mwansangala, koma mimba yake ikulira ine ndikumva.

Masana ena titaweruka, Khadijah anapempha adada ngati angamakapemphere ndi mayi Zubeida, akazi a a Stambuli, amene anawaona atavala mpango pagolosale. Nsagwada za adada zinalimba, koma mkulu wa mpingo angakanize bwanji mwana kupemphera?

"Pemphero sitiletsa," anatero. "Pita."

Kuyambira tsikulo Khadijah ankabwerako kwa aneba nkhope ili yowala, ndipo mimba inasiya kulira. Ine ndinkati Mulungu wawo amayankha msanga.

Ku Ching'ambo nkhani siyenda, imauluka. Kutatsala masiku ochepa kuti alendo abwerere, Madamu Msiska anandiitanira kuseri kwa ofesi.

"Wiza, ndamva kuti mlendo wako akudya kwa aneba. Is it true?"

Madamu sanadikire yankho langa.

"Ngati kwanu zinthu zavuta, si zochititsa manyazi, mukanangonena. Madzulo ano ndibwera ndi galimoto ya bambo ake a Mwawi. Alongedze katundu."

Zinthu zavuta! Nkhuku ziwiri zitafa, nyumba itapakidwa laimu. Ndinalira ndi mkwiyo kuchimbudzi cha atsikana, kenaka ndinasamba kumaso n'kukamupeza Khadijah. Tinayenda osalankhulana mpaka pa kamlatho kolowera kwathu, ndipo pamenepo ndinaima.

"Kwanu ine ndinadya chilichonse chimene munandipatsa. Kwathu chakunyansa n'chiyani?"

Anayamba kulira asanayankhe. Anati palibe chomunyansa, ndipo fungo la nthochi zija linamuzunza usiku wonse. Koma nyama imene sinazingidwe ndi Msilamu, motchula dzina la Mulungu monga mwa chipembedzo chawo, iye sangadye, ngakhale msuzi wake. Mayi Zubeida anangomuyang'ana tsiku loyamba lija n'kudziwa, ndipo atapemphera anamuikira chakudya.

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndikananena bwanji, Wiza? Bambo aima pamvula, andionetsa nkhuku, akumwetulira. Ndiwauze kuti dzanja lawo silikwanira? Mayi anandilangiza kuti mlendo sapeza chifukwa m'mbale ya eni nyumba."

Adada tinawapeza atangofika, akuvula nsapato pakhonde. Khadijah anathawira kuchipinda. Ine ndinagwada n'kufotokoza zonse, kuyambira za kuzinga mpaka za galimoto imene ikubwera. Amama anatulukira pakhomo la khitchini, ndipo ndiwayamikire, sananene kuti paja ndinanena. Anangopukuta manja pachitenje nthawi yaitali kuposa mmene manja amafunira.

"Ndiye kuti masiku onsewa mlendo wanga akudya kwa Stambuli," adada anatero.

"Enya, adada."

Adada anakhalabe pomwepo, nsapato imodzi ili kuphazi, ina m'manja. Ndinkawadziwa adada anga, ndipo ndinaona kuti Khadijah wapita. Munthu amene anayenda zaka osagula machesi pakhomo loyandikana akanangonena kuti galimoto ibwere, mwana apite kumene angamudyetse.

Amama ndi amene anapeza njira. Anati dzuwa likadalipo, adada akwere njinga ndi nkhuku mpaka kumsika waukulu, kumene kuli Asilamu ambiri ogulitsa nyama. Wina azinga, abwerako, aphika msangamsanga, Madamu adzapeza mwana akudya, ndipo palibe wa ku Ching'ambo amene adziwe. Inali nzeru yabwino, ndipo ine ndinayamba kale kuyang'ana kumene kuli nkhuku.

"Yayi," adada anatero.

Anavalanso nsapato ija n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali atavala jekete la ku tchalitchi ndi tayi. Anapita kukhola, anadutsa misoti imene inatsala, n'kugwira Foromani.

"A dada a Wiza, ameneyo ndi wotchi yanu," amama anatero.

"Munthu wandidyetsera mlendo, ine ndimudumphe ndikafune dzanja kutauni ngati wakuba? Itanani mwana aone ndiwo zake."

Khadijah anatuluka maso ali ofiira, anaona tambala, anagwada. Adada anandiuza kuti nditenge mpeni ndiwatsate.

Pampanda pathu panali pobowoka pamene pakanatifikitsa kuseri kwa a Stambuli mosaonedwa. Adada sanapayang'ane n'komwe. Anatulukira pageti n'kuyenda pakati pa msewu, tambala ali m'khwapa mwa jekete, tayi ikuuluzika. Inali nthawi imene anthu amaweruka, ndipo pagolosale panali podzaza: amayi ogula mafuta, anyamata akabaza, ana a ku yunivesite ochita lendi m'zipinda zija. Amene ankadziwa nkhani ya mtengo anasiya zimene ankachita. Ine ndinali kumbuyo ndi mpeni wokulunga m'nyuzipepala, ndipo ndinene zoona, sindinayambe ndanyadirapo munthu mmene ndinanyadira adada pa kamtunda kameneko. Ndinkafuna aliyense adziwe kuti ine ndine mwana wawo.

"Odi, a Stambuli. Mwatandala uli?"

A Stambuli, bambo wamtali wa ndevu zoyamba imvi, anali akuyeza shuga. Anasiya sikelo ikugwedera.

"Taswera bwino, a Mhango. Kaya inu?"

"Ndabwera ndi ziwiri. Choyamba, yewo chomene. Mwandisungira mlendo pamene ine ndinali kumusunga ndi njala. Chachiwiri, mpeni ndili nawo, tambala ndili naye, koma dzanja langa lalephera. Ndabwera kudzapempha lanu."

Anazinena mokweza, mmene amawerengera zolengeza ku tchalitchi. A Stambuli anatuluka kuseri kwa kauntala akupukuta manja.

"Mwana ndi wa tonse, a Mhango. Bweretsani, tizingire kuseri kuno."

"Yayi. Nkhuku ya mlendo imafera pakhomo pamene mlendo wagona."

A Stambuli anaitana mayi Zubeida kuti agwire golosale, anasamba m'manja, n'kutitsata. Chimangireni zipinda zija anali asanapondepo pakhomo pathu. Kuseri kwathu malo ophera nkhuku ndi amodzi okha, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo adada sanasinthe malo chifukwa cha mlendo. A Stambuli anayang'ana m'mwamba, pamene panali zipsera za nthambi zija.

"Ukuberekabe," anatero.

"Mbali imodzi," adada anayankha.

"Ndinalakwa, a Mhango. Amisiri anadula, koma wowatuma ndinali ine. Ndinkafuna kubwera, koma nkhope yanu inkanditsekera geti."

Adada anakonza tayi imene inali bwinobwino.

"Zingani tambala, a Stambuli. Dzuwa likupita."

A Stambuli ananola mpeni pamwala, anamupatsa Foromani madzi pang'ono, anamuyang'anitsa chakumpoto, n'kunena mawu awo motsitsa. Adada ndi amene anagwira miyendo ndi mapiko. Anayang'ana kumbali.

Tambala wokalamba sapsa msanga, ndipo amama anamuthira nkhuni ngati akuotcha njerwa. Mayi Zubeida atatseka golosale anabwera ndi anyezi ndi tizokometsera tawo, ndipo azimayi awiriwo anayamba kucheza ngati anasiyana dzulo, zimene zinandipatsa maganizo okhudza kumene amama ankapeza mchere masiku amvula. Adada anakakamiza a Stambuli kuti atsale adye. Kunja kukuyamba kuda, tonse tinali pa tebulo, ndipo ndi pamene tinamva galimoto ikulimbana ndi matope a pamsewu pathu.

Madamu Msiska analowa atanyamula ambulera, nsapato zawo zitasanduka zofiira. Anaona a Stambuli ndi kofiya wawo, adada ndi tayi, ndi mbale yaikulu pakati.

"Good evening. Khadijah, katenge chikwama chako."

"Madam, khalani pansi kaye," adada anatero. "Mwatipeza pakati pa ntchito."

Anatenga supuni n'kufufuza m'mbale mpaka anapeza nthutumba. Mwamwambo, pa tebulo pakakhala bambo wamkulu wobwera, nthutumba ndi yake, ndipo tonse tinayang'ana a Stambuli. Adada anaidutsitsa pamaso pawo n'kuiika m'mbale ya Khadijah.

"Pepani a Stambuli. Mwana uyu zamufera nkhuku zitatu."

"Ndi yake," a Stambuli anatero akuseka.

Khadijah sanadye mwamanyazi ngati mlendo. Anadya nthutumba, anadya ntchafu, anapempha msuzi wina, mafuta akutsikira kuchigongono. Madamu anaima pomwepo ambulera ikudontha. Atameza, Khadijah anapukuta pakamwa n'kutembenuka.

"Pepani Madamu, mwavutika ndi matope. Ine sindisamuka. Bambo anga andiphera tambala wawo."

Adada anatsokomola n'kuyang'ana kudenga.

"Yewo, mwana wane," anatero.

Madamu anakhala pansi, poti panalibenso china chochita, ndipo amama anawaikira phiko. Galimoto inabwerera ku Kaning'ina yopanda chikwama. Khadijah anagona kwathu mpaka tsiku lomaliza, ndipo pa basi tinamuperekeza banja lonse, atanyamula thumba la mapeyala a mbali imodzi ija.

Koma ndibwerere m'mbuyo pang'ono. M'mawa wotsatira phwando lija pakhomo panali zii, popeza wotidzutsa tinali titamudya. Ine ndinadzuka ndi mantha kuti adada achedwa kuntchito koyamba m'moyo wawo. Ndisanatsike pabedi ndinamva wina akugogoda pa lata la mpanda, mbali ya mtengo. Anali a Stambuli, akuchokera ku mapemphero awo a m'bandakucha.

"A Mhango, kwacha."

Kuchipinda kunamveka bedi likulira, kenaka mawu a adada, aukali ngati nthawi zonse.

"Ndadzuka kale."

Anali asanadzuke. A Stambuli anagogodanso mawa lake, ndi mawa linalo, ndipo adada sanagulenso tambala wina.